Zimene Sindinawauze Amayi Ndili Kunja

Ndinachoka ku Njombwa mwezi wa Seputembala, anthu ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya. Abambo anandiperekeza mpaka kumsewu atasenza chikwama changa paphewa. Miyendo yawo inali ndi matope a kudambo, chifukwa anachokera konko ku nazale, ndipo kapitawo anangowalola kuchokapo kwa maola awiri okha. Amayi sanabwere kumsewu. Anati akafika kumeneko alira, ndiye sankafuna kuti ndikwere minibasi ndikuwaona akulira. Tinatsanzikana kuseri kwa chigafa choumitsira fodya.

"Usamayende wekha," anatero atandigwira dzanja. "Usamadye chakudya cha munthu amene sukumudziwa. Ukasochera uzifunsa mzimayi mnzako."

Ndinavomera zonse. Sindinkadziwa kuti lamulo loyambalo ndidzaliphwanya tsiku lililonse, chifukwa kumene ndinkapitako kunalibe woyenda naye.

Ine ndine mwana wa matenanti. Makolo anga anachoka ku Phalombe ndili wakhanda, kudzalima fodya wa bale pa esiteti ya munthu wina kuno ku Kasungu. Ndinakulira m'nyumba ya udzu yomwe sinali yathu, pamunda womwe sunali wathu. Ndinadziwa kusoka fodya ndisanadziwe kulemba dzina langa. Koma sukulu inandiyendera bwino, ndinaphunzira za ulimi mpaka ku koleji, ndipo nditamaliza ndinapeza mwayi wokapitiriza maphunziro a za nthaka mumzinda wina wa kum'mawa kwa Ulaya. Anali maphunziro a zaka ziwiri, ndipo pakatipo panalibe zobwera kumudzi.

Anandipatsa chipinda pamwamba pa hositelo yaitali, choyang'ana kumene amaimika magalimoto. Mabedi anali awiri. Mtsikana amene ndinkagona naye anali wa m'dziko lomwelo. Sanali munthu woipa, ankandipatsa moni ndi kumwetulira, koma nthawi zonse ankakhala ndi zomvera nyimbo m'makutu, ndipo Lachinayi likafika ankalongedza kupita kwa makolo ake, kubwera Lolemba. Patatha mwezi umodzi anasamukira kwa chibwenzi chake osanditsanzika bwinobwino. Bedi lake linakhala choncho mpaka ndinamaliza sukulu. Ndinkayanikapo zovala.

Masiku anga ankafanana onse. Kudzuka, kumwa tiyi ndi buledi, kutsika masitepe, kuyenda mphindi khumi kukafika pa siteji ya basi. Basi inkandisiya pageti la koleji. M'mawa tinkakhala m'kalasi, masana mu labu, kusefa dothi, kuliyeza, kuliumitsa mu uvuni. M'kalasi mwathu tinalipo khumi ndi mmodzi, ndipo wakuda ndinali ndekha. Aphunzitsi ankaphunzitsa m'Chingerezi, koma akangotuluka anzanga ankabwerera ku chilankhulo chawo, ine n'kumangosuntha mabuku patebulo kuti ndioneke ngati ndili ndi chochita.

Sabata yoyamba ndinkapereka moni kwa aliyense. Pa masitepe, pa siteji, kwa dalaivala. Kwathu sungadutse munthu panjira osamufunsa mmene wadzukira, ngakhale mutakangana dzulo lake. Kumeneko anthu ankandiyang'ana ngati ndikufuna kuwagulitsa chinthu. Ena ankasuntha pang'ono. Ndinasiya. Masiku ena ndinkafika m'chipinda madzulo n'kuzindikira kuti chidzukire sindinatulutse mawu ngakhale amodzi. Ndiye ndinkatenga paketi ya mpunga n'kumawerenga mokweza zimene analembapo, kuti ndingomva ngati mawu anga alipobe.

Ophunzira ena a ku Africa analipo mumzinda umenewo, koma ambiri ankaphunzira za udokotala kutsidya lina la mtsinje, ulendo wa ola lathunthu. Tinkadziwana pa gulu la pa foni. Gulu limeneli ndi limene linandiphunzitsa mzindawo. Ankatumizirana malo amene amagulitsa nyemba ndi ufa, ndi dzina la mayi amene amaluka tsitsi. Koma kwambiri ankatumizirana machenjezo. Mu basi uzikhala pafupi ndi dalaivala. Osadutsa njira ya pansi pa mlatho. Pasipoti uzisiya m'chipinda, uziyenda ndi kope chabe. Tsiku la mpira osatuluka. Nthawi zina wina ankalemba kuti mnzathu wina amulavulira kumsika, kapena amukankha pa masitepe a sitima. Ndinkawerenga zonsezi ndili pabedi, ndipo mzindawo unkacheperachepera. Pofika Novembala ndinkadziwa misewu itatu yokha: wopita ku siteji, wopita ku shopu, ndi wopita ku tchalitchi china kumene ndinkakhala kumbuyo osamva chilichonse.

Lamlungu lililonse akaweruka ku mapemphero, amayi ankandiimbira. Ndinawasiyira foni yanga yakale. Pa esiteti netiweki imagwira bwino pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu chimene chili kuseri kwa zigafa, ndiye ankakwera pamenepo atavala zakutchalitchi. Ndinkamva mphepo, nkhuku, ana akuthamangitsana.

"Kwacha bwanji kumeneko?"

"Kwacha bwino, amayi. Kukungozizira."

"Uli ndi anzako?"

"Alipo ambiri."

"Ukudya?"

"Ndikudya mpaka ndanenepa."

Ankaseka, n'kundiuza kuti mvula yoyamba yagwa, ayamba kuokera fodya, mkazi wa kapitawo wabereka mapasa. Abambo sakonda foni. Ankangofuula ali pansi pa chulu kuti ndilimbikire sukulu.

Zinandichitikira Loweruka lina kumapeto kwa Novembala. Mwezi umenewo dzuwa limalowa msanga, cha m'ma folo koloko kunja kumakhala kwachita kale mdima, ndiye ndinapita ku shopu masana kuti ndibwerere kukuwala. Sindinaone pa gulu lija kuti kuli mpira. Ndinagula mazira, anyezi, mpunga ndi mafuta ophikira. Jumbo inali yolemera, choncho ndinaganiza zodikira basi m'malo moyenda pansi.

Pa siteji panali anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri. Kenako kunabwera amuna atatu atakulunga masikafu a timu yawo m'khosi, mabotolo ali m'manja. Ndinayang'ana pansi monga momwe anatiuzira. Mmodzi, wamtali, wa ndevu zofiirira, anaima patsogolo panga n'kuyamba kulira ngati nyani. Anzake anaseka. Anandiyankhula m'chilankhulo chawo, sindinamve, koma ankaloza kumwera ndi botolo lake ngati akundiuza kuti ndibwerere kwathu. Ndinasuntha. Ananditsatira. Anandivula chipewa n'kuchiponya mumsewu, kenako anagwira tsitsi langa loluka n'kulikoka mpaka khosi linapindikira kumbuyo. Jumbo inagwa. Ndinamva mazira akusweka.

Sindinakuwe. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake. Kwathu ndikanakuwa, ndipo anthu akanatuluka m'zigafa ndi makasu. Pamenepo ndinangoyang'ana anthu amene anali pa siteji aja, mmodzimmodzi. Mayi wina ankayang'ana foni yake. Mnyamata ndi mtsikana ankawerenga ndandanda ya mabasi ngati sanaionepo. Basi ya amuna aja itafika anandisiya n'kukwera akuimba nyimbo ya timu yawo.

Ndinagwada n'kuyamba kutola zinthu zanga. Bambo wina wachikulire anatola anyezi mmodzi amene anagubuduzikira pafupi ndi nsapato yake, n'kundipatsa atayang'ana kumbali. Ndinamuthokoza m'chilankhulo chake. Ndinadana nawo mawu amenewo atangotuluka m'kamwa mwanga. Basi yanga sindinaidikirenso. Ndinayenda pansi mpaka ku hositelo, mazira akudontha m'jumbo, makutu akuwawa ndi mphepo chifukwa chipewa ndinachisiya mumsewu momwemo.

Lolemba ndinalimba mtima n'kupita ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja. Mayi wa mu ofesimo anandimvetsera bwino. Anandipatsa madzi, anapepesa kawiri, anandipatsa fomu yoti ndilembe. Anafunsa ngati ndavulala, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndingawazindikire amunawo, ndinati mmodzi yekha. Pomaliza anandipatsa pepala lokhala ndi masiku onse a mpira a chaka chimenecho, n'kunena kuti ndi bwino ndizikhala m'nyumba masiku amenewo. Ndinalipinda n'kuika m'thumba.

Nditabwerera m'chipinda tsiku limenelo, sindinatulukenso kwa masiku asanu ndi anayi.

Ndinalembera aphunzitsi kuti ndadwala chimfine. M'mawa uliwonse ndinkavala jekete ndi nsapato, kugwira chitseko, n'kukhalanso pabedi. Ndinkadya mpunga wothira mafuta ndi anyezi aja. Anyezi atatha ndinkadya mpunga wothira mchere. Kukhitchini ndinkapita nthawi imene ndikudziwa kuti ena ali m'kalasi. Nthawi yambiri ndinkaima pawindo kuonera anthu akuimika magalimoto ndi kuwachotsa. Chipale chofewa chinagwa koyamba sabata imeneyo. Ndinali ndikufunitsitsa kuchiona chibadwire, koma ndinachionera pagalasi. Pa gulu la pa foni sindinalembe kanthu. Sindinkafuna kuti nkhani yanga ikhale chenjezo lina loti anthu azitumizirana.

Lamlungu amayi anaimba monga mwa masiku onse.

"Mawu akowo bwanji? Ukudwala?"

"Ndi chimfine, amayi. Kuno aliyense akudwala."

"Umwe madzi otentha a mandimu. Kumeneko mandimu alipo?"

"Alipo."

Kenako ananena kuti fodya wamera bwino chaka chino, masamba ake adzakhala aakulu ngati a nthochi. Ndinawauza kuti ndasangalala. Foni itaduka ndinalira mpaka mutu unandipweteka.

Amene ananditulutsa anali mayi wokolopa m'kolido. Anali wazaka ngati za amayi anga, wamfupi, wonenepa, ankamanga kansalu kumutu ndipo ankavala masokosi awiriawiri. Ndinali nditamuonapo kangapo, koma tinali tisanayankhulanepo. Tsiku lachisanu ndi chinayi, m'mawa, anagogoda. Nditatsegula anayang'ana ine, anayang'ana bini yodzaza, anayang'ana jekete ndi nsapato zimene ndinavala. Anayankhula mawu ambiri. Ndinapukusa mutu kuti sindikumva. Anayesa chilankhulo china, sindinamvenso. Kenako analoza basi imene inkadutsa patali pawindo, n'kuloza ine, n'kukweza mapewa kufunsa.

Sindikudziwa chimene chinandichititsa, koma ndinamuonetsa. Ndinavula chipewa chongoyerekeza n'kuchiponya. Ndinagwira tsitsi langa n'kulikokera kumbuyo. Anandiyang'anitsitsa, n'kutukwana. Sindinamve mawuwo koma kutukwana kumadziwika m'chilankhulo chilichonse. Anatsamiritsa mopu yake kukhoma, anapita kukatenga jasi lake, n'kundikola mkono ngati mmene amachitira amayi popita ndi mwana kuchipatala. Tinatsika masitepe. Kunja mphepo inandimenya kumaso, koma sanandisiye. Anaima nane pa siteji mpaka basi inafika. Anayankhula ndi dalaivala mokweza, akuloza ine, ndipo dalaivalayo anagwedeza mutu n'kundilozera mpando wa kumbuyo kwake.

Mawa lake anagogodanso nthawi yomweyo. Anachita zimenezi kwa masabata atatu. Panjira ankandiphunzitsa mayina a zinthu: mtengo, galu, chisanu, basi. Ine ndinkamuuza m'Chichewa, iye n'kumabwereza molakwitsa, tonse n'kumaseka. Mawu akuti "galu" ndi amene anamusangalatsa kwambiri, ankawatchula ngakhale palibe galu. Pambuyo pake mlonda wa pakhomo, amene ankadziwako Chingerezi, anandiuza kuti mayiyo sanali wa m'dzikomo. Anachokera dziko loyandikana nalo, ana ake anawasiya kwawo, ndipo ankagona m'chipinda chimodzi ndi azimayi ena atatu. Tsiku lina anandibweretsera chipewa choluka pamanja, chofiira, chachikulu kuposa mutu wanga.

Titatsegulira sukulu pambuyo pa tchuthi cha Khirisimasi, chimene ine ndinathera m'hositelo yopanda anthu, m'kolido munali mukukolopa munthu wina. Ndinafunsa mlonda uja. Anati kampani imene inkalemba okolopa yasintha, onse akale anachoka. Sankadziwa kumene anapita. Nambala yake ya foni ndinalibe, ndipo dzina lake ndinkalitchula molakwika moti mlondayo sanathe kulipeza m'buku. Kwa miyezi ingapo ndinkayang'ana nkhope za azimayi afupiafupi mu basi. Sindinamuonenso.

Koma pa siteji ndinkapita ndekha tsopano. Ndinkaima pafupi ndi azimayi achikulire, msana utatsamira chipupa kuti munthu asandidzere kumbuyo. Ndinkayenda makiyi ali m'manja. Tsitsi ndinalimasula n'kulimeta lalifupi.

Chakumapeto kwa Januwale ndinalandira chithunzi kuchokera kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale, yemwe anakwatiwa pa esiteti yomweyo. Chinali chithunzi cha munda. Fodya yense anali atang'ambikang'ambika, masamba ali pansi, mapesi okhaokha ataima. Pansi pake analemba kuti, "Pepa ndi za matalala zija. Amayi ako akupeza bwanji tsopano?"

Sindinkadziwa za matalala, ndipo sindinkadziwa kuti amayi akudwala. Nditamufunsa anandiuza kuti matalala anagwa masabata atatu apitawo, anawononga mbali yonse ya makolo anga, fodya atatsala pang'ono kuyamba kuthyoledwa. Amayi anathamanga pamvula pomwepo kuti akaone, anaterereka pa mzere n'kubzungunyuka bondo. Lamlungu lililonse abambo ankawabereka kukwera nawo pa chulu kuti andiimbire.

Ndinadikira Lamlungu ndi mkwiyo. Foni itangolira sindinapereke ngakhale moni.

"Amayi, bwanji simunandiuze za matalala?"



"Wakuuza ndani?"

"Zilibe kanthu. Ndi bondo lomwe. Masabata atatu mukungondiuza kuti zonse zili bwino."

"Tikanakuuza ukanatani uli kumeneko? Ukanabwera kudzasoka masambawo?" Mawu awo anali okwera. "Iwe uli pa sukulu. Ntchito yako ndi imeneyo. Za kuno n'zathu."

"Ndine mwana wanu."

"Ndiye chifukwa chake."

Kenako mawu anangotuluka okha. Ndinawauza za Loweruka lija, za amuna atatu, za tsitsi, za anthu amene ankayang'ana kumbali. Ndinawauza kuti chimfine chija chinali bodza, kuti ndinakhala masiku asanu ndi anayi osatuluka, kuti anzanga ambiri aja kulibe, ndimadya ndekha, ndimayenda ndekha. Ndinayankhula nthawi yaitali osapuma. Nditamaliza ndinamva amayi akupuma movutikira.

"Mwana wanga," anatero. "Mwana wanga iwe." Ndinamva akupereka foni.

Abambo anatsokomola kaye. Aka kanali koyamba kuti agwire foni chichokereni ine.

"Wamva kuwawa pati?"

"Sanandivulaze, ababa."

"Sindikufunsa zimenezo."

Anayamba kundiuza nkhani imene ndinali ndisanaimvepo. Chaka choyamba atafika ku Kasungu, akuchokera kumsika tsiku lina masana, anakumana ndi amuna a m'mudzi woyandikana ndi esiteti. Amunawo atamva kayankhulidwe kachilendo ka abambo anati ndi amene akhala akuba chinangwa m'minda mwawo. Anawamenya ndi mitengo mpaka dzino linaguluka. Ine ndinkadziwa kuti abambo alibe dzino limodzi la m'mbali, koma ndinkaganiza kuti linachita kubooka.

"Ndinagona masiku atatu," anatero. "Tsiku lachinayi ndinadzuka chifukwa fodya anafunika kupalira. Ku Phalombe sindinalembe kalata yowauza. Agogo ako anamwalira osadziwa."

"Mantha anatha liti?"

Anaganiza kaye. "Njira imene ija sindinaidutsenso. Mpaka lero ndimazungulira kudambo."

Ndinaseka ndikulira. Iwo sanaseke.

"Tamvera," anatero. "Ngati zavuta, bwera. Pakhomo pano palibe amene akuseke. Akaseka a kunja, ndiyankha ndine. Koma ngati ukhala, usatinamizenso. Ifenso tasiya."

Ndinaganizira mawu amenewo sabata yathunthu. Ndinafika potsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Chimene chinandiletsa sichinali kulimba mtima. Mu labu ndinali nditayamba ntchito yoyeza mmene nthaka imatopera ikamalimidwa mbewu imodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo ndinkafuna kuona zotsatira zake. Poyeza dothi la eni akelo, ndinkaganizira minda ya fodya ya kwathu. Ndinabwezera chikwama pamwamba.

Kuyambira pamenepo mafoni a Lamlungu anasintha. Sanali okoma ngati kale. Amayi ankandiuza kuti bondo likutupa, kuti mwini esiteti wakwiya ngati matalalawo anawaitana ndi iwo, kuti chimanga cha phoso, chimene amapatsa matenanti kuti azidya, chachedwa. Ine ndinkawauza kuti sabata ino ndayankhula ndi anthu awiri okha, kapena kuti mnyamata wina wanditukwana pawindo la galimoto. Nthawi zina tinkangokhala chete tonse, ine ndikumvera nkhuku zawo. Amayi anayamba kufunsa funso latsopano: "Lero watuluka?" Ndikati ayi, ankati, "Vala nsapato, ukazungulire nyumbayo, ndikudikira pa foni pompano." Ndinkatsika, kuzungulira hositelo foni ili kukhutu, iwo akundifunsa zimene ndikuona.

Mwamuna wa ndevu zofiirira uja ndinakumana nayenso kamodzi, mwezi wa Meyi, mitengo itaphuka. Ndinali mu basi kuchokera ku koleji, pampando wanga wa kumbuyo kwa dalaivala. Anakwera atagwira dzanja la kamtsikana ka zaka ngati zinayi, chikwama cha kusukulu cha mwanayo chili paphewa pake. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anakhala moyang'anizana nane, anamukhazika mwanayo pamiyendo, n'kumupukuta mphuno ndi kansalu mosamala kwambiri. Mwanayo anandiyang'anitsitsa, kenako anandibayibitsa ndi kadzanja kake. Bambo ake anatsatira maso a mwanayo, anandiyang'ana kamphindi, n'kubwerera pa foni yake. Pankhope pake panalibe chilichonse. Sanandikumbuke.

Ndinaganiza zoimirira n'kumuuza, pamaso pa mwana wake ndi basi yonse. Mawu a chilankhulo chawo ndinali nditadziwako okwanira. Ndinawakonza m'mutu. Koma mwanayo ankangondimwetulira, ndipo dzanja langa linakwera lokha n'kumubayibitsa. Ndinatsika masiteji awiri ndisanafike ku hositelo, n'kukhala pa benchi. Nkhani imeneyi ndinawauza abambo. Anangoti, "Mmm," n'kufunsa ngati mwanayo anali wovala bwino.

Chaka chachiwiri chinadutsa mofulumirako. Ndinapeza mnzanga mmodzi, mtsikana wa ku Asia wa m'kalasi mwathu, amene tinkadyera limodzi masana mu labu. Ndinawoloka mtsinje kangapo kukacheza ndi ophunzira a udokotala aja. Masiku a mpira ndinkakhalabe m'nyumba. Sindinganene kuti mzindawo ndinaukonda, ndipo sindinganene kuti mantha anatha. Ndinangophunzira kuyenda nawo. Tsiku lolandira digiri aliyense anabwera ndi makolo ndi maluwa. Ine ndinapempha bambo a mnzanga wina kuti andijambule, ndipo mkazi wawo anandikonza kolala ya gauni asanajambule.

Ndinafika ku Njombwa mu Julaye, fodya atapita kale ku okushoni. Amayi ankatsimphina. Abambo anali ataonda. Tsiku lachitatu, tikutong'ola chimanga pakhonde, abambo anandiuza kuti za utenanti zawakwana. Achimwene awo anawasungira kamunda ku Phalombe, ndipo akufuna akafere kwawo akulima nandolo. Anadikira kuti ndibwere kaye. Ine ndinali nditapeza kale ntchito yolangiza alimi za nthaka kufupi ndi Mtunthama, ndiye zopita nawo panalibe.

Ananyamuka mu Ogasiti pa lole imene inkabweza matenanti kwawo. Katundu wawo wa zaka zonsezo anakwana pakona imodzi: matumba anayi, njinga, mphasa, ndi nkhuku m'dengu. Amayi analira ulendo uno, osabisa. Ndinaima pamsewu mpaka fumbi linatha.

Ku Mtunthama ndinachita lendi chipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Tsiku loyamba nditaweruka kuntchito ndinalowa m'chipinda, ndinakhoma chitseko ndi kiyi, dzuwa likadali m'mwamba. Patangopita kanthawi ndinamva kugogoda.

"Alangizi, mwadwala?"

"Ayi, mayi, ndili bwino."

"Nanga mwadzitsekera chifukwa chiyani masanasana? Tulukani, tikusenda mtedza kuno."

Ndinatuluka. Pamphasa panali azimayi anayi, akukamba za ukwati wa mwana wa mmodzi wa iwo. Anandisunthira malo n'kundithirira mtedza pachitenje. Mmodzi anafunsa kuti kunja kuli bwanji. Ndinati n'kozizira. Anadikira kuti ndipitirize, koma sindinadziwe poyambira, ndiye anabwerera ku nkhani ya ukwati. Ndinakhala nawo ndikusenda mpaka dengu linadzaza.